Sakhwi ndi Mphale ya a Nduna

Dzulo mkazi wa mwana wanga anabwera kuchokera ku sitolo ndi ufa wa m'thumba la pepala. Anang'amba thumbalo ndi mpeni, kukhuthulira ufa m'ndowa, kuvundikira, basi. Ntchito yonse inatha popanda ndi liwu limodzi lomwe. Ine ndinali pakhonde pathu pano pa Luveve, mu Bulawayo, kumangoyang'ana. Maso anali pa ndowa, koma mtima unali kwathu ku Mayani, kumene ndidamuona koyamba malemu mkazi wanga Nagama ali pamtondo ndi anzake awiri. Minsi itatu mumtondo umodzi, wina ukukwera wina ukutsika, osagundana. Iye ndiye ankatsogolera nyimbo, gaga atamuyeretsa nsidze. Ufa wa masiku amenewo unkabwera ndi nyimbo.

Nthano iyi sindidaimve kwa munthu, yangondipeza pakhondepo. Ndikati padangokhala, inu muvomere kuti tili tonse, ngakhale chamumtima.

Padangokhala, kalekale nyama zikulima chimanga ngati ife, padali mudzi umene mfumu yake idali mayi wofatsa, a Nyamalikiti. Amfumuwa sadali oipa mtima. Vuto lidali khosi. Mutu wawo udali kutali kumwamba, moti mawu a pansi sankafika m'makutu mwawo, ndipo iwo eni ankayankhula motsitsa ngati akunong'ona. Choncho adasankha nduna, a Nguluwe, kuti azikwera pachulu chachitali cha pabwalo, kuika pakamwa pafupi ndi khutu la amfumu, nkumawauza za m'mudzi. Amfumu akayankha, a Nguluwe ankatsika nkulengeza ndi chimawu chawo chachikulu. Pachulupo sipankaloledwa wina aliyense.

Poyamba zinkayenda bwino. Koma a Nguluwe ataona kuti mawu onse, okwera ndi otsika omwe, akudzera pakamwa pawo, adayamba kuwathira mchere. Chaka china, anthu atakolola, adatsika pachulu nati:

"Tamverani nonse! Amfumu alamula. Kuyambira lero, aliyense wokonola chimanga, mphale azisiya kuno. Imeneyo ndi ya amfumu. Gaga azitenga, ndi wake."

Inu ana obadwira m'tauni, mphale ndi chimanga choyera chimene chimatsala ukachotsa makoko pamtondo, ndipo ndicho chimatulutsa ufa wosalala. Gaga ndi makokowo.

"Nanga tikakakonolera kunyumba kwathu?" adafunsa Mai Nkhanga, amene pakamwa pawo sipankagona.

"Mitondo yonse ibwere pamalo amodzi, kuseri kwa nyumba yanga. Amfumu alamula."

Mitondo idabwera. Amayi ankakonola, kupeta, a Nguluwe nkufika ndi matumba. Mudzi wonse udayamba kumwa phala la gaga, ana akutsokomola.

M'mudzimo mudali Sakhwi, kanyama kakang'ono ngati mbewa, ka mphuno yaitali yosakhazikika. Sakhwi sankadziwika ndi khasu ayi. Ankatha kubwereka nkhwangwa kwa iwe lero, mawa nkukubwereketsa yomweyo, iwe nkuthokoza ndi manja awiri. Koma padali mmodzi amene sadamunamizepo chikwatirane, mkazi wake Nachisale.

Nachisale adadwala. Malungo adamugwetsa, ndipo atachoka adamusiya wofooka, pakhosi pali zilonda. Phala la gaga silinkatsika. Akayesa kumeza ankatsokomola mpaka misozi. Mnansi wawo, Mai Gwape, adabwera kudzazonda, ndipo potuluka adamukokera Sakhwi pambali.

"Alamu, mnzathuyu matenda apita. Chatsala ndi njala. Akapanda kumwa phala la ufa woyera, tilira pakhomo pano."

M'mawa mwake Sakhwi adasenza kadengu ka chimanga, kutenga munsi wa mkazi wake, ulendo wa kumtondo. Amayi atamuona adasiya ntchito.

"Ee, anzanga, taonani! Mwamuna ndi munsi!" adakuwa Mai Nkhanga. "Alamu, mwasochera? Kumowa ndi uko."

"Ndabwera kudzakuphunzitsani kusinja, alamu. Ndamva kuti amuna anu mano atha."

"Munsiwo ndi wautali kukuposani. Asinje mnzake ndani?"

Adaseka mpaka kugwirana, komabe Mai Gwape adavundikira dengu pansi kuti Sakhwi aimepo, nkumupatsa malo pamtondo pawo. Adakonola atatu. Matuza adatuluka m'manja mwa Sakhwi, iye osadandaula. Atapeta, a Nguluwe adafika ndi matumba. Sakhwi adagwada, nkuomba m'manja.

"A Nduna, kunyumba kuli matenda. Ndikupempha mphale yodzaza chikhatho changa chokha. Tachionani, nchaching'ono."

"Lero chikhatho cha Sakhwi, mawa cha Njovu. Amfumu alamula."

"Ndiye ndikapemphe kwa amfumu eni ake?"

A Nguluwe adaseka, mimba ikugwedezeka. "Pita, mwana wanga. Ukawapatse moni."

Sakhwi adawapeza amfumu akudya nsonga za mtengo. Adaima pafupi ndi phazi lawo nkuyamba kuitana. Adaitana mwaulemu, adaitana mokuwa, adaitana akudumpha, mpaka mawu adasasa. Amfumu sadamve kanthu. Adangosuntha phazi, pang'onong'ono kumuponda. Sakhwi adabwerera chimanjamanja, koma mphuno yake idatola kanthu. Pamalo onse pamene amfumu ankadyera padali masamba okhaokha. Padalibe ndi njere imodzi yomwe ya chimanga. Izi adazisunga mumtima.

Tsiku lotsatira adayesa njira imene ankaidziwa bwino. Popeta, adagwetsera mphale pansi pa dengu, pamwamba nkuthira gaga wambiri, nkusalaza bwinobwino. Adanyamuka akuimba mluzu. Koma adaiwala kuti mphuno ya nguluwe idapangidwira kufukula.

"Ima pomwepo! Dengu la gaga limalemera choncho?"

"Gaga wa chaka chino ndi wonenepa, a Nduna."

A Nguluwe adalowetsa mphuno kamodzi kokha, mphale poyera.

"Ohoo! Mwayamba kuba za amfumu? Ndinkakusiyirani misere, timaphwanyaphwanya tija, kuti ana azilawako. Kuyambira lero nayonso izitsala kuno. Nonse. Mumuthokoze Sakhwi."

Palibe adaseka tsiku limenelo. Mai Gwape adatola dengu lawo lija loimapo, nkulikutumula.

"Alamu, nzeru zanuzi zadya chakudya cha ana athu."

Sakhwi adafika kunyumba dzuwa litapendeka. Nachisale adali gone pamphasa, nkhope itayang'ana kuchitseko.

"Mwabwera, bambo?"

"Ndabwera."

"Mapazi anu akulemera. Mwalakwanso chiyani?"

Adamufotokozera zonse. Nachisale adafuna kuseka, chifuwa chidamuletsa. Sakhwi adamudzutsa pang'ono, kumumwetsa madzi.

"Inu bambo, mukuba chanu chomwe ngati wakuba. Tandiuzani, pamtondo akuimba zanji masiku ano?"

"Zomwe zija. Za apongozi oumira, za amuna ogona kumowa."

"Mudadzifunsapo chifukwa chake timaimba apongozi iwo ali pomwepo, akumva?"

"Ndinkayesa ndi mwano wa akazi."

"Si mwano, ndi mwambo. Choimbidwa pamtondo si mlandu. Munsi ukakhala m'manja, umanena chimene chikukuwawa, za wina aliyense. Mwini wake amangomva, nkukakonza. Amayi anga adawaimba bambo mpaka adafolera nyumba."

Mphuno ya Sakhwi idayamba kuyendayenda.

"Koma amfumu samva za pansi."

"Zimenezo ndi zanu. Ine ndakubwerekani munsi, mutu muli nawo kale."

Kenaka Nachisale adayamba kung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, kofooka, koma koyenda bwino ndi minsi. Sakhwi adamvetsera, nkuyamba kuikamo mawu amodziamodzi.

M'mawa kumtondo palibe adamupatsa moni. Adadzigubuduzira yekha mwala woimapo, nkuyamba kukonola pamtondo wa kumapeto. Kenaka adaimba. Nyimboyo inkafunsa kuti kodi mphale ya mudzi uno imapita kuti. Adasiya mpata woti ena avomere, koma padalibe wovomera. Adadziyankha yekha, kuti imalowa pakhomo pa a Nduna ndipo njira yotulukira siidziwa. Adafunsanso, kudziyankhanso. Mawu ake adali ochepa, osasa, koma nyimboyo idali yokoma. Minsi ya amayi idayamba kutsata yokha eni ake asanafune.

"Alamu, mutiphetsa," adanong'ona Mai Gwape.

"Munsi uli m'manja, alamu."

Atafunsa kachitatu, Mai Nkhanga adalephera kupirira. Adavomera ndi mawu awo okhadzula aja, amayi onse nkugwera momwemo.

A Nguluwe adatuluka m'nyumba akuthamanga.

"Lekani! Lekani msanga! Mukuimba yani?"

"Choimbidwa pamtondo si mlandu, a Nduna," adatero Mai Nkhanga, osasiya kusinja. "Mukafunse akazi anu. Nawonso adakuimbanipo za mkonono."

A Nguluwe adapita kukakwera pachulu. Adawauza amfumu kuti kunja kwacha bwino, amfumu nkuvomera kuti kwachadi bwino. Adatsika nkulengeza:

"Amfumu aletsa nyimbo pamtondo!"

Amayi adasinja chete. Koma minsi itatu mumtondo umodzi imayendera nyimbo. Popanda nyimbo, wina ankatsika mnzake asanakwere. Minsi idagundana, Mai Gwape adatupa chala, chimanga chidamwazika pansi. Sakhwi naye ankaonjezera dala, kutsitsa munsi pamene sipoyenera, nkumapepesa mwaulemu. Dzuwa lidafika pamutu mphale isanadzaze ndi thumba limodzi lomwe. Tsiku linalo chimodzimodzi. A Nguluwe adayang'ana matumba awo opanda kanthu, mtima nkuwawa.

"Chabwino, imbani! Koma zakale zokhazokha. Amfumu alamula."

Amayi adaimba za apongozi ndi za kumowa, koma minsi inkagunda mayendedwe a nyimbo ya Sakhwi. Ndipo nyimbo ikatuluka siibwereranso. Ana ankaiimba kudambo, atsikana pachitsime, ngakhale agogo osamva bwino ankaigwedezera mutu. Tsiku lina a Nguluwe akumanga thumba, Sakhwi adamva kanthu kakutuluka m'mphuno mwawo. Adatchera khutu. A Nduna ankang'ung'udza nyimbo yomweyo, eni ake osadziwa, phazi likugunda pansi.

Sakhwi adaona kuti nthawi yakwana, ndiponso nthawi idamuthera. M'mawa umenewo Nachisale adalephera kukweza mutu.

Adakwera pamwala wake, kugwira munsi, nkuimba a Nguluwe ali pomwepo. Ulendo uno adaonjezera ndime yatsopano. Inkanena kuti amfumu amadya masamba a kumwamba, mphale sadailawepo, koma pali mimba ina imene imafika pabwalo mwini wake akali kunyumba. Adaibwereza kawirikawiri, pang'onopang'ono, kuti ilowe bwino.

A Nguluwe adamugwira mchira nkumukweza m'mwamba.

"Mlandu! Mawa pabwalo. Uchoka m'mudzi muno, iwe."

"Si mlandu, a Nduna, mwambo ukuti..." adayamba Mai Nkhanga.

"Mwambowo amfumu authetsa!"

Adamumangirira pa mzati wa nkhokwe. Mai Gwape adabwera pafupi ngati akutola lichero.

"Alamu, mwapenga? Akakupirikitsani, Nachisale atsala ndi yani?"

"Lero atsale ndi inu, alamu. Muzikamunyowetsa pakamwa ndi madzi. Musamuuze za chingwechi."

"Nanga mawa?"

"Mawa mubwere ndi mtondo pabwalo. Ndipo chilichonse chimene akakufunseni, mwaiwala."



Kutacha mudzi wonse udasonkhana. Amfumu adaima pambali pa chulu monga mwa masiku onse, mutu uli kumwamba. A Nguluwe adakwera, nkuwanong'oneza kuti pali kanyama kena kamwano kamene kawatukwana. Kenaka adatembenukira kwa anthu.

"Amfumu akuti achoke lero lomwe."

"Asanayankhule?" adatero Mai Nkhanga. "Ngakhale mfiti timayamba taimva. Amuna athuwa sadaliko kumtondo. Amve okha chimene walakwa."

Anthu adang'ung'udza movomereza. A Nguluwe adayang'ana kanyama kaja pansi, adayang'ana khutu la amfumu kumwamba, nkuona kuti mawu a Sakhwi sangafike ngakhale pa bondo.

"Imba. Onse amve mwano wako."

"Ndikufuna kumvera, a Nduna, koma nyimbo ya pamtondo siituluka popanda munsi."

"Mupatseni!"

Mtondo udali kale pafupi. Adathiramo chimanga. Mai Nkhanga ndi Mai Gwape adaima uku ndi uku, Sakhwi pamwamba pa dengu lija, limene Mai Gwape adabwera nalo. Minsi idayamba kugunda. Sakhwi adaimba mokoma, nyimbo yofunsa kuti kodi mvula ya chaka chino yapita kuti.

"Mlandu uli pati pamenepa?" adafunsa nkhalamba ina kumbuyo.

"Bodza!" adakuwa a Nguluwe ali pachulu. "Sunaimbe za mvula! Unaimba za mphale!"

"Za mphale? Mwina. Mutu wangawu ndi waung'ono, a Nduna, sizikhalitsa. Alamu, inkayamba bwanji?"

"Taiwala," adatero Mai Gwape.

"Ine ndiye ndaiwaliratu," adatero Mai Nkhanga.

Minsi sidaleke. Sakhwi adayesanso. Ulendo uno adatchuladi mphale, koma adati imapita kumtsinje kukasamba, ndipo nyimbo adaipotoza, pokwera nkutsitsa, potsika nkukweza. Ana adaseka. Phazi la a Nguluwe lidali litayamba kale kugunda pachulu.

"Si choncho! Ukuiononga dala!"

"Chonchi, a Nduna?"

Adaipotozanso kuposa poyamba.

"Ayi! Ayi! Pamenepo imakwera!"

"Imakwera bwanji? Ine kusukulu ya nyimbo sindidapite. Ndiye poti palibe akuikumbukira, ndiye kuti mlandu palibe. Ndizipita, kunyumba kuli matenda."

Sakhwi adachita ngati akutsika padengu. A Nguluwe mkwiyo udawatseka maso. Nyimbo ija idali itawadzaza pakhosi masiku onsewa, ndipo minsi inkaiitana. Adakoka mpweya, kutsegula pakamwa, nkuiponya ndi chimawu chonse, kufunsa kuti mphale ya mudzi uno imapita kuti.

Amayi a mudzi wonse adavomera ngati bingu, kuti imalowa pakhomo pa a Nduna.

"Mwamva? Ndi imeneyo!" adatero a Nguluwe. "Ndipo sidathere pomwepo!"

Adapitiriza, akuloza Sakhwi ndi chala, thupi likuvina lokha. Adaimba za masamba a kumwamba, za amfumu amene mphale sadailawepo, za mimba yotsogola. Sadaphonye liwu ndi limodzi. Adaiwala kuti pakamwa pawo padali pafupi ndi khutu la yani.

Minsi idaima. Mthunzi udagwa pabwalo. Anthu atakweza maso adaona chimene sadachionepo chibadwire. Amfumu adatangadza miyendo, khosi likutsika pang'onopang'ono, mfundo zikulira, mpaka mutu udafika pansi pafupi ndi mtondo. Maso awo adali aakulu, ofatsa.

"Nduna," adatero, ndipo aka kadali koyamba ambiri kumva mawu awo, "mphale imene ukuimbayi, akuti ndi ya yani?"



"Akuti ndi yanu, amfumu," adayankha Mai Nkhanga. "Akuti mudalamula ndinu."

"Ine? Mphale ndingaitole bwanji pansi ndi khosi ili?"

Adatembenuza diso kwa kanyama kali padengu.

"Iwe ndiwe yani?"

"Ndine Sakhwi, mwamuna wa Nachisale."

"Nachisale ali kuti?"

"Ali gone, amfumu. Phala la gaga likumukanika."

"Gaga ndi chiyani? Tandilawitsani."

Mai Gwape adatapa m'lichero. Amfumu adanyambita, kuyesa kumeza. Gaga adayenda theka la khosi nkukakamira. Adatsokomola, adatsokomolanso, misozi nkugwera mumtondo.

"Ana anga akhala akudya zimenezi m'dzina langa?"

Kenaka bwalo lidaphulika. "Achoke! A Nduna achoke! Chingwe chomwecho chiwamange!" A Nguluwe adatsika pachulu chokwawa, makutu ali pansi.

"Sakhwi," adatero amfumu, "amafuna kukupirikitsa ndi iwowa. Ukuti bwanji?"

Sakhwi adawayang'ana a Nguluwe. Mchira udali ukumuwawabe.

"Amfumu, iwowa sananene, aimba. Ndipo minsi imagunda. Choimbidwa pamtondo si mlandu. Ndikauthyola ine mwambowu lero chifukwa wandikomera, mawa alamu angawa adzabisala kuti? Mkazi wanga akuti mwini wake amangomva, nkukakonza. Akonze."

"Ndipo nanenso ndamva," adatero amfumu. "Nanenso ndikonze."

Adalamula, tsopano ndi pakamwa pawo, kuti a Nguluwe atsegule nyumba ndi nkhokwe, abweze mtondo uliwonse kwa mwini wake pamsana pawo, kenaka agumule chulu chija ndi mphuno mpaka pasalale. Iwo eni adalonjeza kuti m'mawa uliwonse adzaweramira pansi kumva anthu, khosi liwawe lisawawe. Nchifukwa chake mpaka lero nguluwe imangofukula nthaka, ndipo nyamalikiti mukaiona itatangadza miyendo, mutu uli pansi, musafulumire kunena kuti ikumwa madzi.

Koma Sakhwi izi sadazidikire.

"Amfumu, ndingapite? Kunyumba kuli matenda."

M'nyumba ya a Nguluwe amayi adapezamo mphale yoviika kale, youma bwino. Adathira mumtondo, kusinja mothamanga, kusefa, ufa woyera ngati thonje. Mai Nkhanga adaumanga pakansalu nkumusenzetsa.

"Thamangani, alamu. Ndipo musaphike ngati mwamuna."

Adaphika ngati mwamuna. Phala lidachita timibulu, lina nkutayikira pamoto. Adalipoza, kumukhazika Nachisale motsamira pachifuwa pake, nkumupatsa pang'ono. Nachisale adalisunga mkamwa kanthawi, kenaka adameza. Sakhwi adadikira chifuwa chija. Sichidabwere. Adamupatsanso. Adamezanso.

"Lili bwanji?"

Nachisale adatseka maso.

"Mchere mwachulutsa."

"Pepani."

"Lilipo lina?"

Sakhwi adatembenukira kumbali ngati utsi wamulowa m'maso. Adapakula lina. Nachisale adamaliza lonse, thukuta nkutuluka pamphumi.

"Tandiimbirani, ndimve chimene mudaichita nyimbo yanga."

Adaimba motsitsa. Chala cha Nachisale chidayamba kugunda pamphasa, chofooka koma chosaphonya.

"Mukuithamangitsa, bambo. Ndimamva ndili gone pano. A Nduna anaiimba bwino kuposa inu."

Mwezi usanathe, m'mawa wina Sakhwi akutuluka ndi kadengu, adapeza Nachisale ataima pakhomo, woonda koma woongoka, dzanja atatambasula.

"Bwezani munsi wanga. Inu pitani mukabweze nkhwangwa za eni."

Nthano yathera pamenepa. Ngati wina anakwirira mbatata paphulusa, athamange, yayamba kupserera.

Ine ndailemba pa mapepala otsala a ana asukulu, ndi dzanja limene masiku ano silimveranso mwini wake. Adzukulu anga kuno amayankhula Chindebele, Chichewa amangodziwa moni ndi zikomo. Ndiye ndikupempha, mapepalawa akafika kwathu, apezeke wina wa dzanja labwino ailembe bwinobwino m'buku la ana, ndi chithunzi cha Sakhwi ataima padengu. Pamene pali nyimbo asiyepo mpata. Ana akaifuna, aikemo yawo.